Kuyeza Madzi Olowa M'boti Lakale Kuti Mudziwe Msanga Pamene Likuchucha

Mawu oyamba

Alimi ambiri a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, Malombe ndi Chilwa komanso mtsinje wa Shire amadalira boti ponyamula feteleza, mbewu ndi zokolola. Kwa anthu a pa zilumba za Likoma, Chizumulu ndi Chisi, ngakhalenso midzi monga Ruarwe ku Nkhata Bay kumene galimoto sifika, boti ndiye ngolo yawo. Ambiri mwa mabotiwa ndi a matabwa. Ena ndi a injini, ena a nkhafi, ndipo ena amayendabe ndi thanga, monga amene amaoloka pakati pa Likoma, Chizumulu ndi Cobué ku Mozambique.

Boti la matabwa likamakalamba limalowa madzi, ndipo eni ake amazolowera kukapa. Vuto lagona pa kuzolowerako. Munthu amene amakapa tsiku ndi tsiku osawerenga sazindikira kuti madzi a mwezi uno achuluka kuposa a mwezi watha. Amene anaika pampu yamagetsi ndiye sawaona n'komwe madziwo, chifukwa pampu imawachotsa iye ali mtulo.

Tsamba lino likufotokoza momwe mungayezere madzi amene mumachotsa m'boti, kaya ndi chokapira, pampu ya manja kapena yamagetsi, momwe mungalembere ndiponso tanthauzo la manambala amene mwapeza. Mfundo yaikulu ndi iyi: dziwani kuchuluka kwa madzi amene boti lanu limalowa nthawi zonse, ndipo mukaona kuti asintha, funafunani chifukwa chake musananyamule katundu.

Chifukwa chake muyenera kuyeza

Madzi ndi katundu wolemera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndowa zisanu za malita 20 ndi makilogalamu 100, kufanana ndi matumba awiri a feteleza amene simunawawerengere pokweza katundu.

Madzi sakhazikika malo amodzi. Thumba la chimanga limakhala pamene mwaliika, koma madzi amathamangira mbali imene boti lapendekera n'kulipendeketsa kwambiri. Pa boti la thanga, limene limayenda chopendekera kale mphepo ikawomba, zimenezi n'zoopsa.

Kulowa kwa madzi kumadzikulitsa kokha. Madzi akachuluka m'kati boti limatitimira, ndipo mipata ya matabwa imene inali pamwamba imalowa m'madzi n'kuyambanso kuchucha. Nawo mabowo a pansi amalowetsa madzi mwamphamvu chifukwa azama.

Bowo laling'ono limalowetsa madzi ambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Bowo la msomali wa mamilimita 4 umene wazuka, likakhala masentimita 30 pansi pa madzi, limalowetsa pafupifupi lita imodzi pa mphindi, kapena ndowa zitatu pa ola. Bowo la sentimita imodzi m'lifupi, kuya komweko, limalowetsa pafupifupi malita 7 pa mphindi, zomwe ndi ndowa 20 pa ola. Bowo likakula kawiri m'lifupi, madzi olowa amachuluka kanayi.

Katundu wanu amaonongeka boti lisanamire. Feteleza wa Urea amasungunuka akanyowa, mbewu yonyowa imataya mphamvu yomera, ndipo chimanga, mtedza kapena mpunga ukanyowa umachita chuku ndipo ogula amaukana. Madzi osakanikirana ndi feteleza amadyanso misomali ya boti msanga.

Kumene madzi a m'boti amachokera

Si madzi onse a m'boti amene amasonyeza kuchucha. Musanaweruze, ganizirani njira zinayi izi:

1. Mvula. Milimita imodzi ya mvula imathira lita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Boti losaphimba la mamita 7 mulitali ndi mamita 2 pakati pake lingalandire malita pafupifupi 200 pa mvula ya mamilimita 20. Ikani chitini chosapindika m'mbali pa mtunda pafupi ndi doko, ndipo m'mawa yezani ndi rula kuya kwa madzi a mvula amene agweramo.

2. Mafunde ogavira m'kati pa ulendo kapena pamene boti laima pa nangula.

3. Katundu wonyowa monga maukonde, nsomba, ayezi ndi zigubu zodontha.

4. Kuchucha kwenikweni kudzera m'mipata ya matabwa, m'mabowo a misomali, m'ming'alu kapena pa thabwa lowola.

Amalinyero a pa nyanja za mchere amalawa madzi kuti asiyanitse a mvula ndi a m'nyanja. Pa nyanja ya Malawi njira imeneyi sithandiza chifukwa madzi ake alibe mchere, ndipo madzi a pansi pa boti si oyenera kulawa chifukwa amakhala ndi mafuta ndi zonyansa. Njira yodalirika ndi kuyeza tsiku lopanda mvula ndi mafunde.

Kupeza muyeso wa nthawi zonse wa boti lanu

Palibe nambala imodzi yoyenera maboti onse. Boti lina labwinobwino limalowa theka la ndowa usiku wonse, lina ndowa ziwiri. Chofunika ndi kudziwa muyeso wa boti lanulo. Tsatirani ndondomeko iyi:

1. Sankhani chokapira chimodzi, monga chigubu chodula cha malita 5, ndi ndowa imodzi ya malita 20. Gwiritsani ntchito zomwezo nthawi zonse. Madzi okapa thirani kaye m'ndowa kuti muwerenge bwino, osangotaya m'nyanja.

2. Sankhani tsiku la bata lopanda mvula. Boti likhale loti lakhala m'madzi masiku osachepera atatu. Boti limene langotsitsidwa kumene kuchokera pa mtunda limalowa madzi ambiri kufikira matabwa atafufuma, choncho muyeso wa tsiku loyamba ungakusocheretseni.

3. Madzulo chotsani katundu yense, kapani madzi onse ndi kupukuta pansi ndi chiguduli. Lembani nthawi, mwachitsanzo 6 koloko madzulo.

4. M'mawa 6 koloko, patatha maola 12, kapani ndi kuwerenga ndowa.

5. Bwerezani masiku atatu. Phatikizani ndowa zonse n'kugawa ndi 3. Nambala imene mwapeza ndiye muyeso wa boti lopanda katundu.

6. Tsiku lonyamula katundu, mukatha kukweza, kapani madzi onse ndipo dikirani mphindi 30 boti lili pa doko. Kapaninso ndi kuyeza. Umenewu ndi muyeso wa boti lolemedwa.

7. Pa ulendo umene mumayenda kawirikawiri, werengani ndowa zimene mwakapa kuchokera ponyamuka mpaka pofika, ndipo lembani momwe nyanja inalili. Ngati ndi boti la thanga, lembaninso mbali imene linapendekera.

Njira yachidule yoonera tsiku ndi tsiku ndi kamtengo koyezera. Sankhani malo otsikitsitsa m'boti pamene madzi amadikha. Thiranipo ndowa imodzi ya madzi, imikani kamtengo ndi kulemba mzere pamene madzi alekeza. Thirani ndowa yachiwiri ndi yachitatu mukulemba mizere. Kuyambira pamenepo, mukangoviika kamtengoko pamalo omwewo mudziwa kuchuluka kwa madzi musanayambe kukapa.

Ngati boti lili ndi pampu ya manja

Lozetsani payipi yotulutsa madzi m'ndowa ya malita 20 ndipo werengani kuti mwapopa kangati kuti idzaze. Ngati mwapopa ka 40, ndiye kuti kupopa kamodzi ndi theka la lita. Kuyambira tsiku limenelo werengani kupopa kwanu m'mawa uliwonse ndi kulemba. Bwerezani muyeso wa ndowawu kamodzi pa mwezi, chifukwa labala wa m'kati mwa pampu akatha mumapopa kambiri koma madzi otuluka ali ochepa. Zikatero mungaganize kuti boti lachucha pomwe vuto ndi pampu.

Ngati boti lili ndi pampu yamagetsi

Maboti ena onyamula anthu ndi katundu ali ndi pampu ya batire la mavoti 12 imene imakhala pansi penipeni. Imakhala ndi swichi yoyandama: madzi akakwera swichi imanyamuka n'kuyatsa pampu, madzi akatsika pampu imazima. Chipangizochi n'chothandiza, koma chimabisa vuto. Mwini boti amapeza pansi pouma m'mawa uliwonse, osadziwa kuti pampu imene kale inkayaka kawiri pa usiku tsopano ikuyaka ka 30. Tsiku limene batire latha moto, waya wadya dzimbiri kapena mamba a nsomba atseka pampu, madzi onse amene inkachotsa amakhala m'boti, ndipo boti lingamire lili pa nangula. Pampu sitseka bowo, imangokupatsani nthawi yoti mukonze.

Kuti pampu ikuuzeni zoona, chitani izi:

Yezani mphamvu yake yeniyeni. Nambala yolembedwa pa pampu, monga 500 GPH, ikutanthauza magaloni 500 pa ola, pafupifupi malita 1,900. Koma nambala imeneyi ndi ya pampu yosakweza madzi m'mwamba komanso ya batire lodzaza. M'boti lanu madzi ayenera kukwera ndi payipi mpaka m'mphepete, choncho otuluka amachepa. Ikani ndowa pa mlomo wa payipi, osaitsitsa kuposa pamene imatulutsira nthawi zonse, ndipo onani pa wotchi ya foni nthawi imene ndowa yadzaza.

Dziwani madzi otuluka pa kuyaka kumodzi. Thirani madzi m'boti pang'onopang'ono mpaka pampu iyake yokha, ndipo landirani m'ndowa madzi onse otuluka mpaka izime. Mwachitsanzo, ngati pa kuyaka kumodzi imatulutsa malita 10 ndipo yayaka ka 12 usiku umodzi, boti lalowa malita 120, ndowa zisanu ndi imodzi.

Werengani kuti yayaka kangati. Pali kachipangizo kowerengera kamene kamalumikizidwa ku waya wa pampu ndipo kamawonjezera nambala imodzi pampu ikayaka. Palinso kena kowerenga maola amene pampu yagwira ntchito. Wodziwa zamagetsi a galimoto angakulumikizireni. Ngati simungazipeze, lumikizani kababu kapena kabelu kamene kamayaka limodzi ndi pampu, kuti woyendetsa kapena mlonda wa pa doko aziona. Njira ina yosalira ndalama ndi kukhala m'boti ola limodzi tsiku la bata ndi kuyeza mphindi zimene zimadutsa kuchokera pamene pampu yazima kufikira itayakanso. Mpata umenewu ukamafupika mlungu ndi mlungu, boti likuchucha kwambiri.

Mukhozanso kuzimitsa pampu masana kwa maola awiri inu muli pomwepo, kenaka n'kuyeza ndi kamtengo koyezera. Musaiwale kuiyatsanso musanachoke.

Chenjerani ndi zizindikiro zonama. Pampu ikamayaka ndi kuzima pafupipafupi koma kwa masekondi ochepa, kawirikawiri ndi madzi otsalira m'payipi amene akubwerera m'boti pampu ikazima, n'kunyamulanso swichi. Fupikitsani payipi kapena kwezani swichi pang'ono. Pampu ikamalira osazima pomwe pansi pauma, swichi yakanirira m'mwamba ndi zinyalala. Pampu ikamatenga nthawi yaitali kuposa kale pa kuyaka kumodzi, onani sefa yake ndi moto wa batire. Ndipo ngati nambala ya kachipangizo sinasinthe kwa masiku angapo pa boti limene limalowa madzi nthawi zonse, musakondwere msanga: nyamulani swichi ndi dzanja muone ngati pampu ikugwirabe ntchito.

Mlomo wa payipi yotulutsa madzi ukhale pamwamba ndithu, pamene sungamire boti likalemedwa kapena likapendekera ndi thanga. Ukamira, madzi a m'nyanja angabwerere ndi payipi yomweyo kulowa m'boti. Kamodzi pa mlungu chotsani mamba, usipa, mankhusu, mchenga ndi tizingwe ta matumba pa sefa ndi pa swichi. Ngakhale muli ndi pampu, ndowa ndi chokapira zisachoke m'boti.

Kalembedwe kake

Sungani kope laling'ono m'pepala la pulasitiki. Pa mzere uliwonse lembani tsiku, maola amene adutsa, ndowa zimene mwakapa kapena nambala ya pampu, katundu amene anali m'boti, ndi nyengo. Chitsanzo cha kalembedwe:

3 Juni: maola 12, ndowa 1, lopanda katundu, bata
10 Juni: maola 12, ndowa 1, lopanda katundu, bata
17 Juni: maola 12, ndowa 1 ndi theka, lopanda katundu, bata, dzana tinayenda pa Mwera
24 Juni: maola 12, ndowa 3, lopanda katundu, bata

Munthu wongokapa osalemba angaone ngati ndowa zitatu si kanthu, chifukwa amazikapa mphindi zochepa. Koma kope likusonyeza kuti m'milungu iwiri madzi achuluka katatu, ndiponso kuti vuto linayamba pambuyo pa ulendo wa mafunde. Boti lotere lisanyamule matumba 30 a mpunga lisanaonedwe.

Ngati boti limayendetsedwa ndi anthu osiyanasiyana, aliyense alembe m'kope lomwelo. Kawirikawiri amene amakapa ndi mnyamata wothandiza, ndipo mwini boti sadziwa chimene chikuchitika. Muuzeni wokapayo kuti kuwerenga ndowa ndi mbali ya ntchito yake.

Tanthauzo la zimene mwalemba

Madzi ndi ofanana ndi a nthawi zonse: pitirizani kuyeza kamodzi pa mlungu, ndiponso pambuyo pa ulendo uliwonse wa mafunde kapena boti likagunda mwala, chitsa kapena mchenga.

Madzi akukwera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi: zomatira za m'mipata ya matabwa zikutha, kapena misomali ikudyeka. Konzani tsiku lokokera boti pa mtunda nyengo yonyamula katundu isanafike.

Madzi achuluka kawiri kapena kuposa m'masiku ochepa: pali chimene chachitika, monga msomali kuzuka, thabwa kung'aluka kapena chigamba kumatuka. Funafunani tsiku lomwelo.

Boti ndi louma likakhala lopanda katundu koma limalowa madzi likalemedwa: vuto lili m'matabwa a m'mwamba, amene amakhala pa dzuwa ndipo auma n'kusiya mipata.

Boti limalowa madzi pa ulendo pokha: thupi la boti likugwedera. Misomali yolumikiza matabwa ku nthiti za boti yamasuka, choncho mipata imatseguka ndi kutsekeka mafunde akamenya. Kumata phula kokha sikuthetsa vuto limeneli, pafunika mmisiri.

Boti la thanga limalowa madzi likapendekera mbali imodzi yokha: onani mipata ya m'mwamba ya mbali imene imamira, komanso pamene pamangidwa zingwe zogwira mlongoti, chifukwa zingwezo zimakoka matabwa.

Madzi amachuluka mphepo ikakula ngakhale mafunde sakugavira m'kati: onani patsinde pa mlongoti. Mlongoti umakankha pansi pa boti, ndipo pa boti lakale umatsegula mpata wa pakati pa msana wa boti ndi thabwa loyamba.

Madzi amachuluka injini ikamalira: onani thabwa la kumbuyo pamene injini imamangidwa. Kunjenjemera kwa injini kumamasula misomali ya m'makona. Pa boti la injini ya m'kati onaninso polowera shafiti ndi mapayipi a madzi oziziritsa injini.

Wokapa sakupuma, kapena pampu ikuyaka nthawi yaitali kuposa imene yazima: boti limenelo lisachoke pa doko.

Boti la faiba siliyenera kulowa madzi konse tsiku la bata. Mukapezamo madzi, onani chotsekera bowo lotulutsira madzi kumbuyo, mabawuti ndi ming'alu ya pansi pamene limakhuzika pa mchenga. Pa bwato wosema, onani ming'alu ya kumutu ndi kumchira komanso m'mphepete mwa zigamba za malata.

Kupeza pamene pakulowera madzi

Chotsani matabwa opondapo, tsukani matope ndi kupukuta pansi ponse. Malo amene madzi adikha si amene alowera, chifukwa madzi amatsetsereka kutsata nthiti ndi msana wa boti. Tsatirani kanjira ka madzi chokwera mpaka pamene kayambira.

Wazani phulusa louma kapena gaga m'mbali mwa mipata ya matabwa. Pamene pakuchucha padzada msanga ndipo kanjira ka madzi kadzaoneka. Tochi imathandiza ngakhale masana, chifukwa madzi oyenda amanyezimira.

Tsekani timipata ta pansi pa nthiti ndi ziguduli kuti boti ligawike zigawo. Chigawo chimene chayamba kudzaza ndicho chili ndi vuto. Mukatha chotsani zigudulizo kuti madzi azifika pa pampu.

Kuti muone mipata ya m'mwamba, uzani anthu awiri kapena atatu akhale mbali imodzi pamalo osaya kuti boti lipendekere, inu mukuyang'ana m'kati. Kenaka asinthe mbali.

Boti likakhala pa mtunda, liyang'aneni kuchokera m'kati dzuwa lili kuseri. Mpata waukulu umaonetsa kuwala. Gogodani matabwa ndi hamala yaing'ono. Thabwa labwino limalira mwamphamvu, lowola limalira mogonthera. Bayani ndi nsonga ya mpeni pamene mukukayika, makamaka m'makona a kumbuyo, patsinde pa mlongoti ndi pansi pa mipando pamene madzi a mvula amakhalitsa. Mzere wa dzimbiri wotsika kuchokera pa mutu wa msomali ukusonyeza kuti msomaliwo ukudyeka m'kati.

Anthu ena amathira madzi m'boti lili pa mtunda kuti aone pamene akudontha. Mukatero thirani ochepa, ongophimba matabwa a pansi. Boti linapangidwa kuti lizikana madzi ochokera kunja, choncho kulidzaza kumakankhira matabwa kunja n'kumasula misomali.

Kukonza

Mpata wa pakati pa matabwa: kokerani boti pa mtunda, chotsani zomatira zakale zonse ndipo lolani pamalopo paume. Khomererani thonje lopota kapena chingwe cha thonje ndi chitsulo chosathwa, kenaka matani phula kapena pate pamwamba ndi kupaka penti. Musakhomerere mopitirira muyeso matabwa ali ouma, chifukwa akadzafufuma m'madzi adzasowa malo n'kuzula misomali kapena kuthyola nthiti.

Bowo la msomali: khomani kachikhomo ka mtengo wouma kopaka phula, ndipo khomani msomali watsopano pambali pake. Gwiritsani ntchito misomali yokutidwa yosachita dzimbiri msanga, osati ya wamba yokhomera denga la nyumba.

Mng'alu wa thabwa: ikani nsalu yopaka phula, kenaka chigamba cha thabwa kapena lata pamwamba. Chigamba ndi chongoyembekezera. Lembani m'kope tsiku limene mwachiika ndipo chiyang'aneni mlungu uliwonse.

Thabwa lowola kapena nthiti yothyoka: palibe chomata chimene chingathandize. Itanani mmisiri wokhoma maboti asinthe.

Utuchi umathandiza pa kanthawi. Mukaumwaza pansi pa boti m'madzi pafupi ndi mpata, madzi olowa amaukokera mumpatamo ndipo umafufuma n'kutseka. Umachoka boti likayenda pa mafunde, choncho musaudalire pa ulendo wautali. Musalowe m'madzi kukachita zimenezi pamalo a ng'ona kapena mvuu.

Mukatha kukonza, lolani boti likhale m'madzi osaya masiku atatu, kenaka bwerezani muyeso wa maola 12. Ngati nambala sinatsike, malo enieni simunawapeze.

Nyengo zofunika kusamala kwambiri

Epulo ndi Meyi: yezani ndi kukonza boti mphepo ya Mwera isanayambe. Mwera umawomba kwambiri pakati pa Meyi ndi Seputembala, nthawi yomweyo imene alimi amanyamula zokolola kupita ku misika. Mverani machenjezo a nthambi yoona zanyengo pa wailesi musananyamuke.

Seputembala mpaka Novembala: dzuwa limaumitsa matabwa a m'mwamba ndipo mipata imatseguka. Iyinso ndi nthawi yonyamula feteleza ndi mbewu, katundu wolemera amene amamiza mipata youmayo. Masiku angapo musananyamule, thirani madzi m'mbali mwa boti m'mawa ndi madzulo kapena phimbani ndi ziguduli zonyowa, ndipo chitani muyeso wa mphindi 30 boti litalemedwa.

Disembala mpaka Malichi: kapani madzi a mvula msanga. Madzi okhalitsa m'makona amawoletsa matabwa, ndipo amasokoneza muyeso wanu. Pa masiku a mitambo sola sadzaza batire bwino, pomwe pampu ikugwira ntchito yochuluka.

Kwa alimi obwereka boti ndi alimi otsogola

Alimi ambiri alibe boti lawolawo, amachita hayala ngati gulu. Katundu wa kalabu yonse akakwera boti limodzi, chaka chonse cha mabanja ambiri chili m'botimo. Mlimi wotsogola kapena wa komiti afike pa doko nthawi yabwino ndipo achite izi:

Funsani mwini boti kuti limalowa ndowa zingati usiku umodzi komanso linakonzedwa liti. Woyendetsa wosamala amayankha ndi nambala.

Nyamulani thabwa lopondapo muone pansi musanakweze katundu. Ngati pali pampu, pemphani aiyatse inu mukuona madzi akutuluka.

Yalani mitengo kapena matabwa pansi kuti matumba asakhudze madzi, ndipo phimbani ndi lona. Siyani malo okapira osatsekedwa ndi matumba. Boti limene malo ake okapira akwiririka ndi katundu silingapulumutsidwe madzi akayamba kulowa.

Mukatha kukweza dikirani mphindi 30 ndi kuona madzi amene alowa. Ngati akukwera mooneka ndi maso, tsitsani katundu wina kapena gawani maulendo awiri. Mtengo wa ulendo wachiwiri ndi wochepa poyerekeza ndi feteleza wa gulu lonse.

Onetsetsani kuti muli ndowa ziwiri, nkhafi, foni yokhala ndi moto yokulungidwa m'pulasitiki, ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense. Uzani a kunyumba nthawi yonyamuka ndi yofika.

Madzi akachuluka muli pa ulendo

Yambani kukapa nthawi yomweyo ndipo munthu mmodzi afunefune polowera. Chepetsani liwiro la injini kapena tsitsani thanga pang'ono kuti boti lisamenyedwe ndi mafunde. Tsekani bowo ndi nsalu kapena chiguduli ndi kupondapo. Ngati bowo lili m'mbali, sunthani katundu pang'ono kuti mbaliyo ikwere. Aliyense avale jekete ndi kukhala pansi. Lunjikani ku gombe lapafupi, osati kumene munkapita. Ngati madzi akuposa okapa, tayani katundu wolemera: thumba la feteleza mudzagula lina, moyo sugulidwa. Boti la matabwa likadzaza madzi koma likuyandamabe, gwiritsitsani botilo m'malo mosambira mtunda wautali.

Madzi okapa amene asakanikirana ndi mafuta a injini kapena feteleza musawataye pa doko pamene anthu amatunga madzi ndi kutsuka nsomba. Atayeni m'dzenje pa mtunda.

Kuti mudziwe zambiri, funsani mlangizi wa zausodzi kapena wa zaulimi wa m'dera lanu, a komiti ya pa doko, kapena mmisiri wokhoma maboti amene ali pafupi nanu. Popita kwa mmisiri tengani kope lanu, chifukwa manambala ndi masiku amene mwalemba adzamuthandiza kudziwa poyambira.